Kantemba kadzakula liti? Mafunso ndi mayankho pa bizinesi m'makomboni a Lusaka

Boma lililonse limene lalamulira Zambia labwera ndi pulani yake yotukulira Lusaka. Ina inali ya misewu, ina ya mafakitale, ina ya ngongole za amayi ndi achinyamata. Koma anthu ambiri a mumzindawu sakhala ku Kabulonga kapena ku Woodlands. Amakhala ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere, George ndi makomboni ena, ndipo ya ndiwo amaipezera komweko. Nawa mafunso amene amabuka m'minibasi ndi m'misika nkhani ya chitukuko ikayambika.

Kodi kukomboni kuli chuma choti n'kukambirana? Si tomato ndi makala basi?

Tomato ndi makala alipo, ndipo amalipirira ana sukulu. Koma tayendani m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga. Muona mageti achitsulo atatsamiritsidwa kumpanda, mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabedi, masofa, miyala yophwanya itaunjikidwa milumilu. Zambiri mwa izi zapangidwira pomwepo, ndipo ogula ake ndi a kumayadi amene amaimitsa galimoto n'kutsitsa galasi kufunsa mtengo. Ku Buseko, kufupi ndi Matero, n'kumene kumatsikira matabwa ndi udzu wofolera. Ku Soweto, pakhomo penipeni pa Kanyama, malole a tomato, anyezi ndi kabichi amafika kusanache, ndipo dzuwa likamatuluka amayi a m'misika ya m'makomboni amakhala ataoda kale.

Wonjezeranipo ometa, osoka, ogulitsa salaula, owotcherera, oumba mabuloko, okankha mawilibala, atsikana okhala m'timabokosi ta Airtel Money ndi MTN, ndi malandilodi a zipinda ziwiriziwiri. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 alionse amakhala m'madera amene sanali m'pulani ya mzinda. Ambiri mwa anthu ogwira ntchito m'dziko lonse alibe kalata ya ntchito kapena penshoni ya NAPSA. Mzindawu umadya chifukwa cha anthu amenewa.

Chodandaulitsa n'chakuti tuntemba tikuchuluka koma sitikukula. Mayi amene anayamba kalekale kugulitsa ufa wa m'timapepala, uja amati pamela, ndi mafuta ophikira a m'tibotolo, lero akugulitsabe zomwezo pathebulo lomwelo. Chasintha n'chakuti oyandikana naye atatu nawonso aika mathebulo, ogula ali omwewo.

Zinayamba bwanji kuti anthu ochuluka chonchi azikhala kunja kwa pulani ya mzinda?

Lusaka inakhala likulu mu 1935, kulowa m'malo mwa Livingstone. Amene anaijambula ankaganiza za tauni ya azungu ndi maofesi a boma, ya misewu yotakata ndi mitengo. Munthu wakuda ankamuwerengera ngati wodzagwira ntchito amene adzabwerera kumudzi. Makontilakitala ndi eni mafamu ozungulira tauni ankalola anthu kumanga tizisakasa pamalo awo, ena n'kumawalipiritsa lendi. N'chifukwa chake mpaka lero pali George, John Laing ndi John Howard, ndipo Chawama ankatchedwa Roberts. Matero ndi wosiyanako, popeza anamangidwa ndi khonsolo m'zaka za m'ma 1950. Mtendere anayamba ufulu utabwera kale, boma likugawa mapuloti kuti anthu azimanga okha.

Malamulo oletsa anthu kusamukira m'tauni atatha mphamvu mu 1964, anthu anakhamukira ku Lusaka. Boma la Kenneth Kaunda poyamba linkagumula, kenako linaona kuti ogumula atopa omanga asanatope. Mu 1974 linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni ena kuti atukulidwe pomwe ali, ndipo chaka chomwecho World Bank inabwereketsa $20 miliyoni zimene zinafikitsa mipopi, misewu ndi sukulu ku George, Chawama, Chaisa ndi madera oyandikira. Kalingalinga anathandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ kuyambira 1980.

Kwakukulu ntchito zimenezi zinali zokonza pogona. Maganizo anali oti bambo azidzuka kupita kufakitale kapena kuofesi, madzulo azibwera kudzagona. Ndiye kunabwera Frederick Chiluba mu 1991, makampani a boma anayamba kugulitsidwa chaka chotsatira, ena anatsekedwa, anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito. Ambiri anatenga ndalama zawo zomaliza n'kukhoma kantemba pakhomo. Komboni yomwe inakonzedwa ngati malo ogona inasanduka malo ogwirira ntchito, koma misewu yake, magetsi ake ndi mapepala a malo ake zinatsala mmene zinalili.

Boma limati likukopa makampani akuluakulu ku malo apadera a mafakitale. Zimenezi zimamufika wa ku Chawama?

Zimamufika pang'ono, mozungulira. Lamulo la 2006 lomwe linakhazikitsa Zambia Development Agency ndilo linatsegula njira ya malo amene amatchedwa MFEZ, kumene kampani imapatsidwa malo, msewu, magetsi ndi kuchotseredwa misonkho ina. Ku Lusaka alipo kum'mwera, pa mahekitala pafupifupi 2,100, ndiponso kum'mawa kufupi ndi bwalo la ndege. Kum'mwerako kuli fakitale ya chimera ya Zambian Breweries, ya fodya ya BAT, ndi minda iwiri ya magetsi a dzuwa, Bangweulu ndi Ngonye, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2019.

Mafakitale ndi ofunika, ndipo amene amawanyoza aiwala kuti wogula pamela amafunika malipiro. Mlonda kapena dalaivala akalandira pamapeto pa mwezi, ndalamayo imathera pa kantemba, kwa telala ndi kwa landilodi. Koma fakitale yamakono imalemba anthu ochepa poyerekeza ndi achinyamata amene amatsiriza Giredi 12 chaka ndi chaka. Ndipo khomo lolowera n'lalitali. Poyamba ankafuna munthu woika $500,000 kuti apeze mwayi wa misonkhowo. Pambuyo pake anatsitsa kwa nzika za Zambia kufika pa $50,000. Kalipentala wa anyamata asanu wa ku Mtendere, yemwe angathe kulemba ena asanu atapeza shedi ya magetsi odalirika, sali m'gulu limenelo. Iye malo ake apadera ndi m'mphepete mwa msewu, pansi pa lona.

Nanga CDF, thumba la chitukuko cha madera a aphungu? Timamva kuti ndalama zake zinakwera kwambiri.

Zinakweradi. Pofika 2021 dera lililonse la phungu linkalandira K1.6 miliyoni pachaka. Boma la Hakainde Hichilema linakweza kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, K28.3 miliyoni mu 2023, K30.6 miliyoni mu 2024 ndi K36.1 miliyoni mu 2025. Gawo lalikulu limapita ku ntchito za m'dera monga makalasi, zipatala, misewu ndi mijigo. Pafupifupi gawo limodzi mwa asanu ndi la mabasale a sukulu zogonera komweko ndi za ntchito zamanja, ndipo lina lofanana nalo ndi la ndalama zothandizira magulu ndi ngongole za mabizinesi.

Tsono werengerani. Dera lililonse limalandira mofanana. Kanyama, malinga ndi kalembera wa 2022, inali ndi anthu oposa 500,000. Feira, m'chigawo chomwecho cha Lusaka, inalibe anthu okwana 40,000. Mukagawa K25.7 miliyoni ija kwa anthu a ku Kanyama, aliyense apeza pafupifupi K50 pachaka. Wa ku Feira ali ndi mavuto ake a mtunda ndi misewu, palibe akumuchitira nsanje, koma kagawidwe kameneka kamalanga malo amene anthu adzaza kwambiri. Kalingalinga ndi Mtendere pa chisankho cha 2021 onse anali m'dera limodzi la Munali, George anali mu Matero, ndiye mphika umodzi manja ambirimbiri.

Kumene CDF yagwira bwino, m'kuona kwanga, ndi pamene yakhala wogula. Sukulu zitakhala zaulere mu 2022 makalasi anadzaza, madesiki anasowa, ndipo makhonsolo anauzidwa kugula madesiki kwa amisiri a m'deralo. Mmisiri akalandira oda ya madesiki amagula matabwa ndi zitsulo, amaitana anyamata, amaphunzira kulemba mtengo ndi kusunga tsiku. Oda yotere imamukuza kuposa ngongole, bola khonsolo ilipire nthawi yake. Mbali ya ngongole ndi imene yavuta: magulu ena amapangidwa usiku umodzi pofuna kulandira ndalama, ndipo maripoti a Auditor General akhala akudandaula za ngongole zosabwezedwa. Anthu ena amaziona ngati mphatso ya ndale.

Koma aliyense wa bizinesi mukamufunsa amati vuto ndi mpamba. Akunama?

Sakunama. Wa kantemba amakhala ndi njira zitatu. Pali chilimba, kumene anzake amasonkha tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata n'kumapatsana mosinthana. Pali banki ya m'mudzi, imene yafala kwambiri m'matauni kuposa mmene dzina lake limanenera. Ndiye pali kaloba, katapila wa ku Lusaka, kumene si zachilendo kutenga K100 n'kubweza K150 mwezi ukatha. Palibe tomato amene amabala phindu lotere.

Banki yeniyeni imafuna chikole. Lamulo la 1974 lija linapatsa eni nyumba m'makomboni ovomerezeka chiphaso chokhalira pamalopo cha zaka 30, pamene wa kumayadi ali ndi kalata ya malo ya zaka 99. Mabanki ambiri amachiyang'ana chiphasocho ndi diso limodzi. Ndipo ochuluka m'makomboni alibe ngakhale chimenecho chifukwa ndi a lendi. Lamulo la 2016 linalola kuti katundu wonyamulika, monga makina osokera, firiji kapena galimoto, akhale chikole cholembetsedwa ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani. Ndi lamulo labwino lomwe ambiri oyenera kupindula nalo sanalimvepo.

Boma lili ndi thumba lakelake, la Citizens Economic Empowerment Commission, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, ndipo kuyambira 2021 kuli unduna woona za mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakatikati. Ngongole za ogulitsa m'misika zimene thumba lija linayamba kupereka mu 2022 zathandiza ena kuwonjezera katundu. Komabe funso limene wopereka ngongole safunsa ndi ili: ndalamayi ikukalowa pamalo otani? Kubwereketsa munthu amene shopu yake imamira chaka chilichonse kuli ngati kutungira madzi m'dengu.

Ndiye chimene chimapha bizinesi kwambiri n'chiyani?

Madzi a mvula ndi magetsi. Izi sizilembedwa m'mabuku a ndondomeko za malonda, zimaikidwa pansi pa unduna wina, koma ndizo zimatseka mashopu.

Kanyama ili pamalo athyathyathya, pamwamba pa thanthwe la laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikalimba mu Januwale ndi Febuluwale madzi amasowa kolowera. Amaima m'misewu masabata, amalowa m'nyumba, amasefukira m'zimbudzi zokumba n'kusakanikirana ndi a m'zitsime. Wa kantemba amasanja mabuloko kuti matumba a ufa ndi shuga akhale pamwamba, amaika matumba a mchenga pakhomo, iye mwini ali m'majombo. Galimoto yobweretsa buledi ndi zakumwa imakana kulowa, ndiye katundu amabwera pa wilibala, mtengo wakwera. Minibasi imatembenukira kutali. Wogula amene akanadutsa pakhomo pake wasankha njira ina youma. Miyezi iwiri imeneyo imadya phindu la miyezi inayo.

Pambuyo pa madzi pamabwera kolera. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 unachititsa boma kutseka misika, kuletsa malonda a m'misewu, kutulutsa asilikali ndi kulamula kuti ku Kanyama anthu asayende usiku. Mu Januwale 2018 anthu a kumeneko anachita zipolowe, osati chifukwa chokonda uve, koma chifukwa munthu wodya za tsiku lomwelo sangakhale sabata osagulitsa. Mliri wa 2023 mpaka 2024 unapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale.

Ndalama zaikidwapo ndithu. Dziko la America, kudzera mu Millennium Challenge Corporation, linapereka pafupifupi $355 miliyoni pakati pa 2013 ndi 2018 za madzi, zimbudzi ndi ngalande. Ngalande yaikulu ya Bombay inamangidwa ndi ndalama zimenezo, ndipo mapaipi a zonyansa anaikidwa ku Mtendere. Koma m'zaka zomwezo dziko linakongolanso ndalama zambiri za misewu ya L400 ndi milatho ya pamwamba ya ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Milathoyi yachepetsa kuthithikana kwa magalimoto, sindikutsutsa. Ine ndikanapatsidwa mwayi wosankha, mlatho umodzi ndikanausinthanitsa ndi ngalande za Kanyama. Ngongole zoterezi zitaunjikana, Zambia inalephera kulipira mu Novembala 2020, kwacha inagwa, ndipo woitanitsa katundu ku Nakonde kapena ku Johannesburg anazimva m'thumba.

Za magetsi ndiye aliyense ali ndi nkhani yake. Magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue. Chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko pa 29 Febuluwale, chinaphwetsa nyanja ya Kariba, ndipo pofika Sepitembala kampani ya magetsi ya ZESCO inkazimitsa magetsi mpaka maola 21 patsiku. Owotcherera ankagona pafupi ndi makina awo, babu ili yoyatsa, kuti ikangowala pakati pa usiku adzuke n'kuyamba kuwotcherera geti mpaka magetsi atapitanso. Wa butchala ankataya nyama, wometa ankangokhala pabenchi, wa saluni ankabweza makasitomala. Sitolo yaikulu inaliza jenereta n'kupitiriza. Kusiyana kwa wamkulu ndi wamng'ono kunakula chaka chimenecho popanda lamulo lililonse kusintha.

Bwanji ogulitsa m'misewu amangothamangitsidwa n'kubwereranso?

Chifukwa ogula ali mumsewu, ndipo ogulitsawo ndi ovota. Chiluba anawakonda mpaka anakhazikitsa ofesi yoona za iwo ku State House, anthu n'kumatchula tuntemba kuti maofesi a Pulezidenti. Boma lake lomwelo linawasesa mu 1999. Michael Sata atalowa mu 2011 anati asiyeni. Kolera inawachotsa mu 2018, anabwerera pang'onopang'ono, ndipo mu Julayi 2023 anachotsedwanso pakati pa tauni, nduna ya maboma aang'ono ali Gary Nkombo.

Khonsolo imati m'misika muli mabenchi opanda anthu, ndipo ndi zoona. Ogulitsa amati mabenchiwo ali kumene sikudutsa munthu, ndipo nazonso ndi zoona. Msika umamangidwa pamene papezeka malo, pamene malonda amatsata siteshoni ya basi. City Market itapsa mu Julayi 2017 anthu ambiri anataya katundu yense wopanda inshuwalansi, ndipo ena mwa iwo anakathera mumsewu.

Chinthu chimodzi chinasinthadi. Lamulo la misika ndi masiteshoni la 2007 linapereka udindo woyendetsa malowa ku makhonsolo, koma kwa zaka zambiri amene ankatolera ndalama ndi kugawa malo anali makada a chipani cholamula. Mu 2021 boma latsopano linalengeza kuti makada atuluke m'misika ndi m'masiteshoni. Madandaulo sanatheretu, komabe kwa wogulitsa amene ankalipira kawiri, kwa khonsolo ndi kwa anyamata, kumeneku kunali kutsitsa msonkho kwenikweni.

Kulembetsa bizinesi ku PACRA ndi kutenga nambala ya msonkho ya TPIN ku ZRA kuli ndi phindu, kapena n'kudziitanira msonkho?

Zimatengera mukufuna kugulitsa kwa ndani. Wa vitumbuwa pakona sapindulapo kanthu. Koma amene akufuna oda ya sukulu, ya khonsolo kapena ya sitolo yaikulu sangaipeze opanda mapepalawa, ndipo ngongole ya CDF ya bizinesi imafunanso gulu kapena kampani yolembetsedwa. Chimene chimawawa amalonda si msonkho wa ZRA wokha. Ndi kuchuluka kwa ziphaso za khonsolo, za malonda, za moto, za ukhondo, chilichonse ndi mzere wake ndi tsiku lotayika.

Masitolo akuluakulu ndi alendo ogulitsa m'makomboni sakulanda malonda?

Shoprite inalowa m'Zambia mu 1995, Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, ndipo lero masitolo otere afika m'mphepete mwa makomboni. Alandadi ena mwa ogula a pamapeto pa mwezi. Koma sagulitsa shuga wa supuni ziwiri, sakongoza, satsegula 5 koloko m'mawa. Funso lofunika ndi lakuti m'mashelufu awo muli katundu wochuluka bwanji wopangidwa ku Lusaka. Trade Kings, yomwe inayamba mu 1995 ndi sopo wa Boom, yaonetsa kuti kampani ya mumzinda momwemu itha kukula mpaka kugulitsa m'maiko oyandikana nawo, Malawi ali momwemo.

Za alendo, chilonda chilipo. Mu Epulo 2016 mashopu ambiri a anthu ochokera ku Rwanda anaphwanyidwa m'makomboni, mphekesera zitawanamizira kuti akukhudzidwa ndi kuphedwa kwa anthu. Kuseri kwa mphekeserazo kunali mkwiyo wa malonda. Chimene amalonda amenewa amachita si chachinsinsi: amaoda pamodzi kuti mtengo utsike, amatsegula m'mamawa, amatseka mochedwa. Kuoda pamodzi n'chinthu chimene magulu a chilimba angathe kuyamba mawa.

Komboni ikatukuka, amapindula ndani?

Pitaninso ku Kalingalinga. Malowa azunguliridwa ndi University of Zambia, Mass Media ndi Kabulonga, ndiye nthaka yake yakwera mtengo. M'mbali mwa misewu yaikulu nyumba zakale zikugumulidwa, pakumangidwa maofesi, mashopu, malo ogona alendo ndi nyumba za ophunzira. Mwini puloti amene ali ndi chiphaso amagulitsa n'kukamanga kunja kwa mzinda, ndipo nthawi zina ndalamayo imagawanitsa banja. Wa lendi amangouzidwa kuti mwezi ukatha achoke. Mmisiri wa mageti uja, yemwe anachititsa kuti msewuwo udziwike, ndi wa lendi nayenso. Akasamukira kutali, makasitomala ake samutsatira.

Lamulo lokonza matauni la 2015, limene linalowa m'malo mwa la 1974, limapatsa khonsolo mphamvu yokonza pulani ya dera ndi dera mogwirizana ndi anthu okhalamo. M'pulani yotere ndimo mungalembedwe kuti malo akutiakuti ndi a mashedi a amisiri, pafupi ndi msewu, okhala ndi magetsi okwanira makina ndi ngalande yake. Nkhani zimenezi, pamodzi ndi za ntchito zoti CDF ilipire, zimayambira mu komiti ya chitukuko ya wadi. Misonkhano yake imachitika masana, nthawi imene wa kantemba ali pathebulo ndipo wowotcherera akuthamangitsana ndi magetsi, kotero mabungwe a amalonda ndi a amisiri ndiwo ayenera kutumako munthu wokawalankhulira.